Kukonda agalu n'kosavuta, nkhani ili pa kukolopa khola

Tsiku loyamba limene ndinapita kukadzipereka kumalo osungirako agalu ndi amphaka otayidwa, ndinaonetsetsa kuti foni ili ndi moto wokwanira. M'maganizo ndinali nditaona kale mmene zikakhalire: ndikakhala pansi, tiagalu tizikandikwera pamiyendo, ndikajambula zithunzi zingapo, kenako ndibwerera kunyumba mtima uli mbee. Mayi woyang'anira makola anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamwetulira.

"Achemwali, nsapato zimenezo zisiyeni apo. Valani jombo izo, mutenge ndowa ndi fosholo, muyambire khola loyambalo."

Dzuwa linafika paliwombo ndisanasisite galu ngakhale mmodzi. Ndinapala ndowe, ndinachapa zofunda zonyowa ndi mkodzo, ndinatsuka mbale mpaka zala kuchita makwinya. Fungo la m'makolamo linanditsatira mpaka kunyumba, ndipo ngakhale nditasamba linali likadali m'mphuno. Tinayamba anthu 6 tsiku limenelo. Patatha miyezi iwiri tinatsala awiri. Anayi anasiyawo sanali anthu oipa, ndipo sindikayika kuti amakonda nyama, mwinanso kuposa ine. Kungoti polira mvula anaiwala kuti akulira ndi matope omwe.

Zimene ndikunenazi mwina zikwiyitsa anzanga okonda ziweto, koma ndizinenabe. Malo oterewa sasowa anthu achifundo. Achifundo amachuluka, makamaka kumapeto kwa sabata. Amabwera, amagwetsa misozi, amajambula, n'kumapita. Wosowa ndi munthu amene akati ndibwera Lachiwiri m'mawa amabweradi Lachiwiri m'mawa, kaya kugwe mvula kaya thupi lalefuka, n'kugwira ntchito imene palibe angamuombere m'manja. Wosowa kwambiri ndi amene wazindikira kuti khola lodzaza si chinthu chonyadira. Galu aliyense amene ali m'kholamo ndi umboni woti penapake zinthu zinalakwika, ndipo ntchito yathu ndi yoti atulukemo msanga, kapena asalowemo n'komwe.

Masiku oyambirira ndinkaona ngati mayi aja akungotizunza ndi malamulo awo a kakolopedwe. Uyambe wachotsa ndowe zonse, utsuke ndi sopo, utsukuluze, kenako uthire mankhwala ophera tizilombo, udikire mphindi 10, utsukuluzenso, ndipo galu asabwereremo khola lisanaume. Uyambire kwa tiana ndi agalu athanzi, odwala uwafikire pomaliza. Fosholo ya khola la odwala isatuluke kupita kwina. Zonsezi n'chifukwa cha nthenda imodzi imene aliyense wogwira ntchito kumalo otere amaiopa ngati moto, nthenda ya parvo. Inatulukira cha m'ma 1978 ndipo sizinatenge zaka zambiri kuti ifalikire dziko lonse lapansi. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala, ndipo kakagwera pansi kamatha kukhala miyezi yambirimbiri kali ndi mphamvu. Sopo wamba sakapha. Bulichi amakapha, koma pokhapokha pamalopo patatsukidwa kale, chifukwa dothi ndi ndowe zimamutha mphamvu. Kamayenda pa nsapato, pa manja, pa malaya. Kagalu kakagwidwa kamasanza, kamatsegula m'mimba zamagazi, ndipo kakapanda kuthandizidwa msanga nthawi zambiri sikapola.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. M'mawa wina ndinaona kagalu kamene kanabwera dzulo lake kali kwayakwaya pakona, osadya. Mtima unandisweka. Ndinakanyamula, n'kukafungatira pachifuwa, kenako ndinakabwezera pansi n'kulunjika khola lotsatira mmene munali tiana tina tinayi. Dzanja linali lili kale pachitseko pamene mayi aja anakuwa.

"Achemwali! Mwagwira kameneko? Musakhudzenso galu wina aliyense lero. Pitani mukasambe, zovala zonsezo mukasinthe."

Kagaluko kanafa patatha masiku awiri. Tinayi tija tinapulumuka chifukwa munthu wina anali maso pamene ine ndinali wotanganidwa ndi chifundo changa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona kukolopa ngati chilango chimene munthu amayenera kupirira kuti amulole kusewera ndi agalu. Pamalo pamene pasonkhana nyama zambiri zochokera kosiyanasiyana, zina zosabayitsa katemera chibadwire, mankhwala aakulu ndi ndowa ndi burashi.

Koma ukhondo wokha susunga galu. M'khola lachinayi munali galu wakuda, wokalamba, wa imvi kukamwa, amene tinkamutchula Madala. Anamupeza atamangiriridwa pamtengo m'mbali mwa msewu, chingwe chitamudya khosi. Sankauwa, sankaluma, sankachita kalikonse. Ankangogona atayang'ana khoma. Alendo ofuna galu woti akawete ankadutsa pakhola lake ngati mulibe kanthu.

Anthu ambiri sadziwa kuti khola, ngakhale loyera chotani, ndi malo ozunza kwa galu. Agalu makumi angapo akamauwa nthawi imodzi m'nyumba ya simenti, phokoso limapitirira madesibelo 100, lofanana ndi la makina ochekera mitengo, pomwe makutu a galu ndi akuthwa kuposa athu. Onjezerani fungo la agalu achilendo, nkhope zosinthasintha, ndi kusowa kwa munthu amene anamuzolowera. Ena amayamba kuzungulirazungulira pamalo amodzi, ena amadumphira khoma tsiku lonse, ena amadzinyambita mwendo mpaka chilonda. Amphaka amabisala, amasiya kudya, ndipo nkhawa yomweyo imawadzutsira chimfine chimene chimafalikira chipinda chonse. Kwa mphaka wongobwera kumene, katoni yopanda kanthu yoti abisalemo imathandiza kuposa zidole zonse zimene anthu amakonda kubweretsa. Choipa kwambiri n'chakuti galu akakhalitsa m'khola khalidwe lake limaonongeka, khalidwe likaonongeka anthu samufuna, ndipo akapanda kumufuna amakhalitsanso. Mlendo akaona galu akudumpha n'kumauwa kuseri kwa waya amati ndi wolusa, pomwe galuyo akungosowa woti amutulutse kwa theka la ola kuti akanunkhize udzu.

Apa ndi pamene wodzipereka wokhulupirika amasiyana ndi mlendo wa Loweruka. Madala ndinamukhalira milungu itatu. Ndikamaliza kukolopa ndinkakhala pansi kunja kwa khola lake, cham'mbali, osamuyang'ana m'maso, chifukwa kwa galu wamantha kumuyang'anitsitsa n'kumuopseza. Ndinkaponya kachakudya pafupi ndi waya n'kumangokhala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlungu wachinayi Madala anatembenuka, n'kubwera kudzanunkhiza jombo yanga. Patapita masiku analola kuti ndimumange chingwe. Kenako ntchito zina zinandichuluka, ndinajomba milungu iwiri osauza aliyense. Nditabwerera ndinamupeza wayang'ananso khoma. Galu sadziwa kuti munatanganidwa. Chimene amadziwa n'chakuti munthu winanso wasowa. N'chifukwa chake ndimauza aliyense wofuna kuyamba kuti alonjeze zochepa: maola awiri pa sabata kwa chaka chathunthu amaposa masiku onse a mwezi umodzi wa changu chapamtima.

Tsono pali funso limene aliyense wogwira ntchitoyi amafunsidwa, ndipo sindifuna kulinyoza chifukwa si lopusa. Anthu akuvutika, ana akugona ndi njala, odwala akusowa mankhwala, inu n'kumataya nthawi ndi agalu? Funsoli ndi lakale ngati ntchito yomweyi. Mary Tealby atatsegula nyumba yosungiramo agalu otayika ndi anjala ku Holloway mumzinda wa London mu 1860, nyuzipepala ya The Times inamunyoza. Nyumba yomweyo inasamukira ku Battersea mu 1871 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Mbiri yokha imaonetsa kuti chifundo sichili ngati madzi a mumtsuko, oti ukatungirako galu ndiye kuti mwana asowa. Pakati pa anthu amene anakhazikitsa bungwe loletsa nkhanza kwa nyama ku London mu 1824, limene lero limadziwika kuti RSPCA, panali William Wilberforce, yemwe uja anathera moyo wake polimbana ndi malonda a akapolo. Ku New York, Henry Bergh anayambitsa bungwe loteteza nyama la ASPCA mu 1866. Mu 1874 anthu atasowa kolowera ndi nkhani ya kamtsikana kena, Mary Ellen Wilson, kamene kankamenyedwa ndi okalera, anapita kwa Bergh, munthu wa nyama uja, ndipo iye ndi loya wake ndi amene anatengera nkhaniyo kukhoti. Kuchokera pa mlanduwo kunabadwa bungwe loteteza ana ku nkhanza mumzindawo. Maso amene azolowera kuona chilonda cha chingwe pakhosi pa galu sachedwa kuona mabala pamsana pa mwana.

Ndipo ngakhale munthu atakhala kuti agalu samukhudza n'komwe, pali chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Asia ndi ku Africa. Pafupifupi onse amaitenga polumidwa ndi galu, ndipo 4 mwa anthu 10 alionse amene amafa ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kumakhala kulibe. Njira yodziwika yothetsera nthendayi ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chifukwa pamenepo kachilomboko kamasowa podutsa. Munthu amene wagwira galu wosochera kuti dokotala wa ziweto amubaye katemera wateteza mwana amene sadzamudziwa n'komwe. Pomwepa ndikumbutse, poti ambiri amaiwala: galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala, musadikire kuona ngati galuyo adwale.

Komabe ofunsa funso lija ali ndi mfundo pena pake, ndipo ife okonda nyama tiyenera kuivomereza. Pakati pathu pali anthu amene amakonda agalu chifukwa chodana ndi anthu. Mumawamva akunena monyadira kuti galu ndi wabwino kuposa munthu. Mtima umenewu umaonekera poyera pamalo amodzi: pakhomo pamene anthu amabwera kudzasiya ziweto zawo. Ndaonapo odzipereka anzanga akumuyang'ana munthu wotero ngati wapha mwana, ndipo inenso ndinkatero.

Amene anandisintha ndi agogo ena aamuna amene anabwera ndi galu wawo wamkazi, wonenepa bwino, ubweya ukuwala. Maso anali atayamba kuwavuta ndipo ankasamukira kwa mwana wawo, kumene mwini nyumba salola ziweto. Anayesa kufunsa achibale ndi anansi, onse anakana. Anabwera ndi mbale ya galuyo ndi kabulangete kake. Nditatenga chingwe m'manja mwawo sanachisiye msanga.

"Mwana wanga, ameneyu sakonda kudyera pamodzi ndi anzake. Muzimuikira mbale yake payekha. Ndiponso mabingu amaopa."

Anatembenuka n'kumapita osacheuka. Nkhani za anthu ambiri osiya ziweto ndi zotere: ntchito yatha, banja latha, mwini galu wamwalira, nyumba yatsopano sikulola, chiweto chadwala ndipo ndalama ya dokotala palibe. Alipo ankhanza enieni, monga amene anamangirira Madala pamtengo, ndipo amenewo sindiwaikira kumbuyo. Alipo amene anagula kagalu ngati chidole cha mwana pa chikondwerero, kenako n'kudabwa kuti kakukula. Koma amene wayenda ulendo kudzagogoda pakhomo masana, dzuwa likuswa mtengo, wachita chinthu cholemekezeka. Mukamuchititsa manyazi, mnzake amene wamva nkhaniyo sabwera. Galu wakeyo adzamutsitsa m'galimoto usiku kutchire. Ndiye nkhope yokwinya ya wodzipereka imadzaza misewu ndi agalu omwewo amene akuti akuwamenyera nkhondo. Funso loyenera kufunsa pakhomo paja ndi lakuti, kodi chingathandize n'chiyani kuti galuyu akhalebe kwanu? Nthawi zina yankho limakhala laling'ono modabwitsa: thumba la chakudya, mankhwala a mphere kapena nkhupakupa, kukonza mpanda, kapena munthu woti amusunge miyezi iwiri mpaka mwini wake atuluke m'chipatala. Galu amene wathandizidwa motero sadya malo m'khola, ndipo sayang'ana khoma.

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, masamu amatigonjetsabe. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha. Bere lake ndi la miyezi iwiri, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka, tiana tinayi kapena kuposera nthawi iliyonse. Galu wamkazi amafuna amuna kawiri pachaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo ana 6 kapena 8 si zachilendo. Mangani makola ochuluka bwanji, adzadzaza mwezi usanathe. Kusunga nyama popanda kuletsa kuswana kuli ngati kukolopa m'nyumba mpope uli chitsegulire. Ndikanapatsidwa mphamvu yosankha pakati pa khola latsopano ndi tsiku limodzi pamwezi loti dokotala azifula amuna ndi kutseka aakazi kwaulere, sindikanaganiza kawiri. Zoti galu wamkazi ayenera kuswa kamodzi kaye kuti akhale wathanzi ndi nthano chabe. Kumutseka kumamuteteza ku mafinya a m'chiberekero, nthenda imene imapha agalu ambiri aakazi akamakula, ndipo kukachitika akadali wamng'ono kumachepetsanso zotupa za m'mawere.

Maiko ena anazindikira zimenezi kalekale. Ku India, malamulo a mu 2001 anakhazikitsa njira yogwira agalu a m'misewu, kuwatseka, kuwabaya katemera n'kuwabwezera komwe anawatenga. Amphaka osaweta amachitidwa chimodzimodzi m'maiko ambiri, ndipo amawadula kansonga ka khutu kuti asadzagwidwenso kachiwiri. Kupha agalu mwachisawawa, kumene akuluakulu a mizinda amathamangira anthu akadandaula, sikuthetsa vuto: pamalo pakatsala chakudya cha m'zinyalala, agalu ena amabwera kudzalowa m'malo, ndipo nthawi zambiri obwerawo amakhala osabayitsa. Ku Britain, kuyambira mu 2016 galu aliyense ayenera kukhala ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene amakalowetsa pansi pa khungu, kuti wosochera abwerere kwawo ndipo wotayidwa mwini wake adziwike. Ntchito zoterezi sizikoma pachithunzi. Wodzipereka wake amakhala pa tebulo kulemba mayina, kugwira agalu pamzere, kutsuka zipangizo za dokotala, kuyendetsa galimoto.

Tifike pa nkhani imene ambiri timaizemba. Malo alionse ali ndi malire ake, ndipo malirewo sayezedwa ndi kuchuluka kwa makola okha. Amayezedwa ndi manja amene alipo, ndalama ya chakudya ndi mankhwala, ndi nthawi imene nyama iliyonse ingapatsidwe. Mukapitirira pamenepo, matenda amabuka, agalu amalumana, ndipo amene munawapulumutsa aja amayamba kuvutika m'manja mwanu. Kukana galu pakhomo kumapweteka, ndipo wokanayo amaoneka wouma mtima. Koma nkhani zambiri zomvetsa chisoni za nyumba zopezeka ndi agalu kapena amphaka makumimakumi, owonda, ogona pa ndowe zawo, zinayamba ndi munthu wachifundo amene sankatha kunena kuti ayi.

Akatswiri a ku Britain, kuyambira ndi lipoti la Brambell la mu 1965, anayala mfundo zisanu zimene poyamba zinali za ziweto za pafamu koma lero zimagwiritsidwa ntchito paliponse: nyama isamve njala ndi ludzu, isakhale pamalo osautsa, isavutike ndi ululu kapena matenda, isakhale mwamantha, ndipo ithe kuchita zimene mtundu wake umachita mwachibadwa. Onani kuti kungokhala ndi moyo sikunatchulidwe ngati kokwanira. Ku Italy lamulo la mu 1991 linaletsa kupha agalu osochera amene ali athanzi ndi osaopsa. Cholinga chinali chabwino, koma m'madera amene kutseka agalu sikunayende bwino, zotsatira zake ndi agalu ambiri amene amakalambira m'makola mpaka kufera momwemo. Ku America, malo amene amadzitcha kuti sapha nyama amayezedwa ndi mlingo woti nyama 90 mwa 100 zilizonse zituluke zamoyo, kusonyeza kuti ngakhale iwo amavomereza kuti pali zina zodwalitsitsa kapena zoopsa zimene dokotala ayenera kuzibaya jekeseni woti zife mosamva ululu. Maganizo anga ndi akuti kupha nyama yathanzi chifukwa chosowa malo ndi kulephera kwa tonsefe, ndipo tisakupatse dzina lokoma. Koma kusunga galu amene akuvutika ndi ululu wosachizika, pofuna kuti ife tisamve kuwawa mumtima, ndi kudzikonda. Ndipo amene amagwira mutu wa galu pa mphindi zomalizazo si oyenera kutukwanidwa pa Facebook ndi anthu amene sanagwirepo fosholo.

Ngati pali ntchito imodzi imene ndingapemphe munthu amene sangathe kupirira phokoso ndi fungo la makola, ndi yolera chiweto kunyumba kwa kanthawi. Tiana ta mphaka tamasiye tosakwana milungu 4 sitingakhale moyo m'khola. Timafuna kuyamwitsidwa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ndi mkaka wopangidwira amphaka, chifukwa wa ng'ombe umatitsegula m'mimba. Sititha kudzitenthetsa tokha, ndipo kamwana kozizidwa sukayamwitsa usanakafunditse. Sitithanso kukodza tokha: ukamaliza kuyamwitsa umatenga kansalu konyowa ndi madzi ofunda n'kukasisita kumunsi, monga mmene make akanachitira ndi lilime. Ndinalerapo titatu m'katoni pafupi ndi bedi langa, alamu ikulira pakati pa usiku, ine n'kumayeza mkaka maso ali tseke. Kamodzi kanafa, ndipo sindidziwa chimene ndinalakwitsa, ngati chilipo. Tiwiri tinakula. (Mukalera mphaka, musadzayese kumupatsa paracetamol ngakhale kachidutswa, kwa mphaka ndi poizoni.)

Kulera kunyumba kuli ndi phindu lina losaoneka msanga. Mphaka amaphunzira kukhulupirira anthu pakati pa milungu 2 ndi 7, galu pakati pa milungu 3 ndi 12 kapena kupitirira pang'ono. Nthawi imeneyi ikadutsa ali kuseri kwa waya, osamva phokoso la m'nyumba, osagwidwa ndi manja osiyanasiyana, mantha ake amavuta kuchotsa moyo wake wonse. Kwa galu wamkulu, ngakhale kugona kunyumba ya munthu usiku umodzi kapena uwiri kumamupatsa tulo timene sapeza m'khola, ndipo wolerayo amabwera ndi zimene wofuna kumutenga amafunsa: kodi amagwirizana ndi ana, kodi amaononga m'nyumba, kodi amathamangitsa amphaka. Anthu amati, ine sindingathe, ndingamukonde kwambiri n'kulephera kumubweza. Zoona, kubweza kumawawa. Ine ndinalira m'galimoto njira yonse. Koma kuwawa kumeneko ndi kwa ine, munthu wamkulu amene ndikudziwa chifukwa chake, pomwe kusalera n'komwe kumasiya ululu kwa kamwana kamene sikadziwa kalikonse.

Ntchitoyi imatopetsa mtima mwanjira imene sindinaiyembekezere. Mnzanga amene tinatsala naye uja anafika pomabwera masiku onse, kutenga agalu atatu kunyumba, kuyankha foni usiku, mpaka tsiku lina anangosiya osatsanzika. Sanabwerenso. Mayi woyang'anira aja, amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ali ndi lamulo limene poyamba ndinkaliona ngati kuuma mtima: nthawi yoweruka ikakwana amatseka geti n'kumapita, ndipo tsiku lawo lopuma foni sayankha. Ndinadzazindikira mochedwa kuti n'chifukwa chake mpaka lero akadalipo.

Madala anakhala nafe miyezi 7. Anadzamutenga mayi ena achikulire, opuma pantchito, amene ananena mosabisa kuti akufuna galu wosadumphira anthu ndiponso wosafuna kuthamanga. Ndinawauza zonse zimene ndinkadziwa: kuti asamugwire pakhosi mwadzidzidzi, kuti masiku oyamba mwina sadya, kuti amusiye abwere yekha. Madala anakwera galimoto mosavuta, n'kugona pampando wakumbuyo ngati anakwerapo kale.

Ndinabwerera ku khola lachinayi. Ndinatulutsa zofunda, ndinatsuka ndi sopo, ndinatsukuluza, ndinathira bulichi, ndinadikira mphindi 10. Pofika masana linali litauma. Cha m'ma 3 koloko geti linalira, ndipo anyamata awiri analowa atanyamula galu wamkazi m'chiguduli, nthiti zikuwerengeka, mawere ali odzaza mkaka. Ana ake anawafunafuna koma sanawapeze.

"Achemwali," mayi woyang'anira aja anaitana ali kale ndi buku m'manja, "tengani mbale yamadzi mupite nayo ku khola lachinayi."